Usatsitse Galasi Lisanaume

Liwonde,
Lamulungu masana

Rozina mwana wanga, iwe amene ndimakuitana kuti Mayi chifukwa unatenga dzina la amayi anga pamodzi ndi liuma lawo,

Usaseke zilembo zikuluzikuluzi. Ndikudziwa kuti zikuoneka ngati za mwana woyamba kumene sukulu, koma ndi pamene dzanja ndi maso agwirizana masiku ano. Ndakhala pakhonde la shopu yathu. Amayi ako apita kumphakati, iwe wapita kukatsanzikana ndi anzako a kwaya, msewu uli zii kupatula akabaza amene sadziwa Lamulungu. Ndaganiza zolemba chifukwa ine ndi iwe sitimaliza nkhani pakamwa. Tikangoyamba yofunika, wina amaseka, wina amati madzi a sopo atha m'botolo, basi nkhani yathera pomwepo. Kalatayi uipeza pamwamba pa chikwama chako. Uiwerenge lero lomwe, usanatseke zipi.

Mawa ukupita ku Lilongwe, kwa amayi aja oika magalasi m'nyumba zosanja, amene anaona ntchito yako ku Balaka n'kunena kuti manja oterewa akuwafuna. Ndanyadira mpaka anthu atopa nane kutchalitchi. Koma chikwama chako ndachiona, Mayi. Munthu wopita kukakhala sanyamula madiresi ongokwana kusinthira, ndipo mmisiri sasiya zida zake zili lende pa msomali. Amayi ako sanaulule kanthu, komabe ndakhala nawo zaka zambiri. Akamati, “Mwanayu akungokaona kaye,” maso ali kumbali, ndimadziwa kuti mwapangana. Ukufuna ukafike, ukawathokoze amayi a ku Lilongwewo mwaulemu, kenako ubwerere kudzandigwirira shopu. Ndiye tamvera bambo ako: upite, ndipo ukakhale. Zina zonse ndilembe apazi n'zongoperekeza mawu amenewa.

Ntchito ya tinti ndinaiphunzira theka, theka linalo anandiphunzitsa ndi manyazi. Nthawi imeneyo usanabadwe, ndinkakonza njinga kwathu kwa Kawinga. Tsiku lina ndinapita ku Limbe kukagula zipangizo, ndipo kuseri kwa sitolo ina ndinapeza anthu akuyala pepala lakuda pa galasi la galimoto. Anapopera madzi kunja kwa galasi, anayala pepala, n'kulidula ndi lezala motsatira m'mbali. Ndinaima n'kumati mumtima, “Basi ndi zomwezi?” Kondakitala atakuwa kuti ya ku Liwonde ikunyamuka, ndinathamanga mutu utadzaza nzeru. Sindinaone kuti kunjako amangoyezera ndi kudulira, kenako pepalalo amakalimata m'kati. Woyamba kundikhulupirira anali Che Jafali, omwewa amene akukakusiya pa Balaka mawa, nthawi imeneyo ali ndi kapikapu konyamula mpunga. Ndinawamatira kunja, bwinobwino, mosalala. Anapita nako ku Nayuchi, tchire likukanda, fumbi likupala, pobwerera mvula n'kuwapeza panjira. Anafika pakhomo panga mapepala akukupiza m'mbali, anatsika mwaulemu wawo uja, n'kunena, “Achimwene, galimoto yanga ikufundula ngati njoka. Kapena ndi mmene imayambira tinti?” Mpaka lero akafuna kundiseka amangofunsa kuti njoka yadzuka bwanji. Kumene ukupitako ukapeza mapepala amene sunawagwirepo, magalasi aatali kuposa chitseko cha tchalitchi, ndi makwerero amene kutalika kwake usadzawauze amayi ako. Uzikaonerera ntchito mpaka kumapeto, ngakhale ukuganiza kuti waidziwa kale. Chimene sukuchidziwa uzinena kuti sukuchidziwa, poti safunsa anadya phula. Iwe vuto lako ndi langa lomwe, timamva msanga ndiye timachokanso msanga.

Za fumbi unazimva mpaka makutu anatopa, koma sunamve kumene ndinaziphunzira. Wogula thonje wina anandiitanitsa ku Chikweo kuti ndikamuikire tinti komweko, poti nyengo yogula sakanasiya msika. Ndinagwira ntchito pansi pa mtengo, pafupi ndi pamene alimi ankapakira thonje m'masaka. Kamphepo kanali kabwino, ine n'kumayamika kuti sindikutuluka thukuta. Nditamaliza, mwini galimoto anaisuntha n'kuiika padzuwa, ndipo galasi lililonse linali ndi timaubweya toyera tosawerengeka, titatsekeredwa pakati pa pepala ndi galasi. Kachitsotso kakalowa mmenemo sikatuluka, ngakhale utakankha ndi kalabala kathu kofinyira madzi kaja mpaka dzanja kutupa. Ndinasenda zonse alimi akuonerera, wina n'kunena kuti thonje la chaka chimenecho lapeza msika watsopano. N'chifukwa chake ndimakuvutitsa kuti uziwaza madzi pansi usanayambe, utseke chitseko, umange tsitsi, usavale juzi. Ku Lilongwe akakuuza kuti mata msanga, amisiri a simenti akadali m'chipinda chomwecho. Ukane mwaulemu, upemphe kuti amalize kaye, kapena ulawire m'mawa fumbi lisanadzuke. Galasi loyera palibe amene amaliyamika, koma kachitsotso kamodzi mwini wake amakaona tsiku lililonse n'kumakumbukira dzina la amene anamata.

Ndiye panali chaka cha pepo. Wamalonda wina wobwera pa sitima kuchokera ku Nayuchi anandionetsa mipukutu ya pepala lakuda bii, lonyezimira, lotsika mtengo moti ndinaganiza kuti Mulungu wandikumbukira. Sindinafunse dzina la pepalalo, sindinafunse kumene linapangidwa. Ndinamata pa galimoto iliyonse imene inabwera chilimwe chimenecho, ndipo amayi ako anayamba kuthira mkaka m'tiyi ngakhale tsiku wamba. Koma dzuwa la kuno kuchigwa silinama. Pofika chilimwe china magalasi onsewo anasanduka apepo ngati mkanjo wa ansembe nyengo ya Lenti, ena n'kutuluka matuza. Ukaima pa mlatho wa Shire unkatha kuloza makasitomala anga mmodzimmodzi. Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga. Ndinatha miyezi ndikusenda ndi kupala guluu, ndipo anthu ena sanabwerenso mpaka lero. Pepala lachilendo usamalikhulupirire ndi maso. Dulako kachidutswa, umate pa galasi lakale, uike padenga, udikire dzuwa lilankhule. Ukadzaona kuti akuluakulu ako akukopeka ndi zotchipa zoterezi, uwauze nkhani ya bambo ako ndi Lenti, ndakuloleza kuti andiseke.

Pa za kuda, ukumbukire bambo wina wogwira ntchito mu ofesi ku Balaka. Anagula galimoto yake yoyamba n'kupeza kuti ali ndi abale ambiri kuposa mmene ankadziwira. Aliyense woima pamsewu anali msuweni wofuna lifiti. Anabwera kuno n'kunena, “Amisiri, ndiikireni lakuda kwambiri, ndi kutsogolo komwe, loti ngakhale apongozi asandizindikire.” Ndinamuuza kuti kukada saziona bwino, iye anati maso ake ndi a mphaka. Ndinaseka n'kumuikira, poti kasitomala wanena. Madzulo ena akukhota kulowa kwawo sanaone munthu wa njinga atanyamula makala. Mulungu anachita chifundo, munthuyo anangosupuka chigongono, makala n'kumwazika msewu wonse, koma ine nditamva chakudya chinandikanika. Lezala linali langa, dzanja linali langa. Kuyambira pamenepo magalasi a kutsogolo ndimaika lowala, afune asafune, ndipo ena amachoka akutukwana. Iwenso uzidziwa kukana, Mayi. Azikakuuza kuti ndiwe mtsikana, chita zimene wauzidwa. Uzifunsa zimene malamulo akunena nthawi imeneyo, poti amasintha, ndipo chimene chingapweteke munthu usachimate ngakhale mwini ntchito atakunyengerera bwanji.

Ndisaname, sindinkafuna kuti ulowe ntchito imeneyi. Uli wamng'ono unkati ukaweruka kusukulu umakhala pa tayala lakale pakona, kutola zidutswa za pepala n'kumazimata pa mabotolo, tsiku lina pa kalilole wa amayi ako, amene anadzuka n'kuganiza kuti achita khungu. Ndinkakuthamangitsa kuti ukawerenge. Ndinkafuna unesi kapena uphunzitsi, ntchito zimene azakhali ako akanazitchula monyada kwa Kawinga. Unawerengadi, unakhoza, koma Loweruka lililonse unali pano. Ndinagonja tsiku limene galasi lakumbuyo lokhota linandikana. Pepala likamakana kugona pa galasi lotero timaliuzira mphepo yotentha ndi makina kuti lifinyike, ndipo ine, wopupuluma ngati kale, ndinkaliwotcha mpaka kukwinyika. Iwe unati, “Ababa, tandipatsani ndiyese.” Unayendetsa makinawo pang'onopang'ono ngati ukusita diresi la mkwatibwi, pepala n'kugona lokha. Ndinanamizira ludzu n'kulowa m'nyumba kuti usaone nkhope yanga. Ndikunena izi kuti udziwe kuti amayi a ku Lilongwe aja sanakuitane chifukwa cha chifundo. Anaona chimene ine ndinachedwa kuchivomereza.

Tsopano ndikuuze zoona za msika, zimene ndakhala ndikuzikana pamaso pako. Ntchito ya magalimoto kuno ikuchepa. Magalimoto achuluka, inde, koma ambiri ochokera kunjawa amafika magalasi akumbuyo ali akuda kale, odetsedwa komwe anapangidwa. Otsalawo akulimbirana anyamata a m'mbali mwa msewu, amene ali ndi lezala, botolo ndi pepala losanduka pepo lija, ndipo amamaliza galimoto mwini wake asanamalize tchipisi. Sindiwanyoza, ine ndinayamba moipa kuposa iwo. Koma munthu wofuna kungooneka bwana amapita kotchipa, ndipo apolisi apamsewu akakhwimitsa za magalasi akuda ntchito imaima kwa tonse, abwino ndi oipa omwe. Shopu ino ikhoza kudyetsa nkhalamba ziwiri. Siingakulitse mtsikana wa manja ngati akowo n'kumupatsa dzina.

Kulakwitsa kwanga kwakukulu pa bizinesi ukukudziwa, chifukwa unalipo ndipo unandiuza. Telala uja wa ku Balaka atabwera kudzadandaula kuti zitenje zake zikusuluka pawindo la shopu, ine ndinati, “Iyayi amayi, ife timapanga za magalimoto, kaguleni katani.” Iwe unandikoka malaya n'kunena chapansipansi, “Ababa, galasi ndi galasi.” Ndinakuuza kuti usandiphunzitse ntchito, ndinakubereka ndine. Unapita wekha Loweruka pa minibasi, mpukutu uli paphewa ngati mphasa. Kenako zinayamba kutsatana: wa sitolo ya mankhwala woyandikana naye amene katundu wake ankatentha, kachipatala kena kakang'ono, aphunzitsi opuma amene amanga nyumba za mawindo akuluakulu n'kumapsa m'kati mwezi wa Okutobala. Uko ndiye kuli tsogolo la ntchito imeneyi. Anthu akumanga ndi magalasi tsopano, kutentha sikukuchepa, magetsi akazima fani imaimanso, koma pepala silifuna magetsi. Palinso lija losaoneka, logwira galasi kuti likasweka lisamwazike, limene eni masitolo ayamba kulifunsa. Galimoto ili ndi timagalasi tochepa, pamene nyumba imodzi yosanja ku Lilongwe ili ndi magalasi oposa a magalimoto onse a pa depoti pano. Iwe unaziona ine ndili m'tulo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo dziwe lino ndikulidziwa ine, layamba kuphwa.

Nditaona kuti za nyumba zikuyenda, ndinalowa nawo mwamatama, n'kulakwitsanso. Ukukumbukira banja lija la ku Balaka limene linafuna pepala lonyezimira ngati kalilole pawindo la pabalaza loyang'ana kumsewu? Iwe unali kumaliro kwa Kawinga ndi amayi ako. Ndinamata, ndinatulutsa mwini nyumba panja dzuwa lili paliwombo, ndinamuuza kuti asuzumire. Anangodziona yekha. Ndinati, “Makatani chotsani, palibenso angakuoneni.” Anachotsadi n'kupatsa achemwali ake. Patapita masiku mayi wa m'nyumbamo anafika kuno tsinya lili pamphumi. Madzulo akayatsa getsi, kalilole uja ankatembenuka, iwo osaona kunja, koma aliyense wodutsa pamsewu ankaona banja lonse ngati kanema. Ana a m'deralo ankakhala pampanda kuonerera bambo wa m'nyumbamo, mkulu wa mpingo wolemekezeka, akuyeserera ulaliki wa Lamulungu atavala kabudula yekha. Ndinapepesa mpaka mawu kutha, ndinakawapachikira makatani ena ndi manja anga. Kuchokera tsiku limenelo ndimauza aliyense ndisanamate kuti pepala limangotsatira kuwala. Amene ali mbali ya mdima amaona amene ali mbali yowala. Nawenso uzikawauza zimenezi usanadule pepala, makamaka m'zipinda zogona.

Lamulo limeneli ukulidziwa bwino, Mayi, koma tsiku lina mwezi wathawu unaliiwala. Che Jafali anabweretsa galimoto yawo yatsopano yonyamula anthu. Magalasi a m'mbali ndinamata ndekha, ndinayang'ana, ndinaona kuti ali bwino, ndinakuuza kuti ndikupita kukameta. Sindinapite. Dzuwa linkandibaya m'maso, ndiye ndinalowa m'galimoto ina ya magalasi akuda imene tinaimaliza dzulo lake, kuti ndipumeko mumthunzi. Ndinakuona ukutuluka, ukuyang'ana kumsewu uku ndi uku. Unayang'ananso galimoto imene ndinalimo, n'kungoona nkhope yako yomwe, mpaka unakonza mpango. Kenako unalowa m'galimoto ya Che Jafali, unakweza ngodya ya pepala ndi chikhadabo, n'kusenda ntchito yanga yonse, galasi ndi galasi. Unapinda mapepalawo n'kuwabisa pansi pa zinyalala, unatsuka, unadula ena, unamata, mofulumira ngati wakuba. Ndinaona kuti manja ako anazolowera, sikunali koyamba. Ndinakhalabe mmenemo thukuta lili kamukamu, galasi sindikanatsitsa poti linali lisanaume, ndipo ndinalira, mwana wanga, ndisakubisire. Sindinakwiye. Ndinalira chifukwa ndinazindikira kuti wakhala ukubereka bambo ako kumsana mobisa kuti asachite manyazi, komanso chifukwa sindinaonepo munthu akumata pepala mokongola choncho. Utachoka ndinakatola mapepala aja n'kuwapapasa ndi zala. Anali ndi timchenga paliponse, timene maso anga sanatione.

Chinsinsi chako ndachidziwa, ndiye umve changa. Sabata yotsatira ndinapita kuchipatala cha maso osauza munthu. Adokotala anati ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa, anandipatsa tsiku loti ndidzapitenso. Ndinawafunsa ngati ndidzaonenso kachitsotso pagalasi, anati ndidzaona ngakhale makwinya a akazi anga, ndiye ndikonzekere. Amayi ako ndawauza m'mawa uno pochokera ku Misa. Andikalipira njira yonse chifukwa chobisa, kenako powoloka msewu andigwira dzanja ngati mwana. Tagwirizana chonchi: kufikira maso atakonzedwa, ine ndizidula ndi kumata, iwo aziyendera. Ukuwadziwa amayi ako, amaona kadontho ka msuzi pa malaya anga ndili kutsidya la msewu. Akati senda ndizisenda, monga ndakhala ndikuwamvera pa zina zonse. Ntchito zazikulu ndizikana, kapena kupempha eni ake kuti adikire. Mwina shopu ichepa, mwina anthu ena apita kwa anyamata aja. Zimenezo ndi zanga, si zako. Sindinakuphunzitse ntchito kuti ukalambire kuseri kwa shopu ukusenda zolakwa za nkhalamba. Ukabwerera chifukwa cha ine, tsiku lililonse ndikamakumva ukupopera madzi ndizidziwa kuti ndakudyera mwayi wako, ndipo chimenecho chindipweteka kuposa ng'ala.

Zina ndi zazing'ono, koma bambo sangasiye kunena. Uzidya usanakwere makwerero. Lezala uzisintha lisanabunthe, lobuntha limakanda galasi la eni ndi kucheka chala chako. Amuna a pa ntchito yomanga akakuyesa, ena ndi chipongwe, ena ndi ulemu wonyanya, ndipo achiwiriwa ndiwo uwachenjerere. Uwayankhe ndi ntchito, zikapitirira ukanene, usazisunge mumtima ngati mmene unasungira za maso anga. Upeze tchalitchi ukangofika, ulowe kwaya, poti iwe ukapanda kuimba umadwala. Mnyamata akadzakufuna, umuone kaye mmene amatsekera chitseko cha galimoto ya wina. Ndipo uziphunzira zonse, osati kumata kokha: mmene amayezera nyumba, mmene amalankhulira ndi eni ake, kumene amagula pepala labwino. Tsiku lina udzafuna dzina lako pachikwangwani. Likadzafika tsikulo usadzalembe langa pofuna kundisangalatsa, anthu ena kuno akadakumbukira za pepo.

Pali mawu amene timauza kasitomala aliyense tikamamupatsa makiyi. Iwe umawanena bwino kuposa ine, chala chili m'mwamba ngati mphunzitsi: “Bwana, musatsitse galasi lisanaume. Muona chifunga, muona timatuza ta madzi, musatiboole, musatikande, tichoka tokha dzuwa likawomba.” Ndipo ukudziwa kuti nthawi zonse pamakhala wina wosapirira. Amafika pa mphambano, kutentha kwamukwana, akuti ndingotsitsa pang'ono, pepala n'kupindika m'mphepete, ntchito yonse yawonongeka. Masabata oyamba ku Lilongwe akakhala otero. Kuzizira kukakudabwitsa iwe mwana wa kuchigwa, anthu akaseka kalankhulidwe kako, ukalakwitsa galasi lalikulu n'kukalirira m'bafa, ukaimba foni n'kumva ine ndikutsokomola, ndiye mtima ukati kwera basi. Usatsitse galasi, Mayi. Foni imba tsiku lililonse ngati ukufuna, koma phazi lako lisaponde pa Liwonde mvula isanagwe. Ubwere pa Khirisimasi, maso anga atakonzedwa, udzayendere ntchito yanga poyera ine ndili pomwepo, ndipo chimene chalakwika tidzasende limodzi.

Zida zako ndazichotsa pa msomali, ndaziika pansi m'chikwamamo. Ndaikamonso kalabala kanga kabuluu kaja, kamene ndinkakukaniza kugwira uli wamng'ono. Katha mbali imodzi motsatira chala changa, koma kazolowera chako. Madiresi otsala amayi ako awapinda madzulo ano mu sutikesi yaikulu, ndipo usalimbane nawo, ndawakopa kale abwera mbali yanga.

Mawa m'mawa Che Jafali abwera kudzakutenga. Nditawapempha anati, “Inshaallah, achimwene. Mwanayu akhale kumbuyo, aone ntchito ya manja ake.” Waona, nawonso ankadziwa. Kapena tauni yonse inkadziwa kupatula ine.

Ukhaledi mpando wakumbuyo, pafupi ndi galasi limene unalimata tsiku lija. Linauma kalekale limenelo, komabe usalitsitse. Ine ndiima pakhonde padzuwa ndipo sindikuona, ndingoona nkhalamba ina ya dazi ikubayibitsa pagalasi lakuda. Iwe undiona bwinobwino. Ukaona ndikupukuta m'maso usauze Che Jafali kuti aime. Ukhoza kulira mmenemo mmene ungafunire, palibe akuone, ntchitoyo unaigwira bwino. Ine ndibayibitsabe mpaka galimoto itawoloka mlatho.

Upite, Mayi, ndipo ukakhale.

Ndine bambo ako.